Juzi Yachiwiri

Chitayi anatuluka m'hotela nthawi itapitirira kale teni koloko usiku, thumba lili m'khwapa, nkhope ili ngati ya munthu wopita kukazulitsa dzino. Sanatuluke mwa kufuna kwake ayi. Akazi ake, namwino wosadziwa kuzungulira ponena zinthu, anachita kuima pakati pa chipinda manja ali m'chiuno.

"Masiku anayi, abambo. Masiku anayi thumba la eni ake lili pansi pa bedi. Sitima yathu inyamuka mawa m'mawa. Mukufuna tibwerere nalo? Mukawauza chiyani amayi aja?"

"Kwada, amayi. Mzinda wa eni uno."

"Lero kwada. Dzulo munati mapazi akupweteka. Dzana munati mvula, mvula yake yosanyowetsa ndi mpango womwe. Kapena ndivale nsapato ndipite ndekha?"

Apo m'pamene Chitayi anadzambatuka. China chilichonse chikanatheka, koma osati akazi ake kukafika kunyumba imeneyo n'kukamva zimene iye anabisa zaka zisanu ndi ziwiri.

Dzina lakuti Chitayi anamupatsa ndi anzake a ku positi ofesi, kumene ankagwira ntchito pakauntala ya maphukusi. Munthuyo tayi sinkachoka pakhosi. Loweruka tayi, kumsika tayi, ngakhale pokonza denga la khitchini anthu amati anamuonapo ndi tayi. Pantchito anali wovuta kwabasi. Ukabwera ndi phukusi lomanga mwachisawawa ankakubweza ukamangenso. Adiresi ikapanda kuoneka bwino ankalikankha ndi chala chimodzi, osakuyang'ana n'komwe. Anthu ankamunena, komanso ankamukhulupirira, poti katundu wodutsa m'manja mwake ankafika.

Ndiye zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo, adakali pachibwenzi ndi namwinoyo, Chitayi anafuna kumuonetsa mtsikana kuti iye si munthu wamba. Anakonza tchuthi cha kunja: basi usana ndi usiku, zipata ziwiri za m'malire, kenako sitima theka la tsiku mpaka mumzinda waukulu wa nyumba zosanjikizana. Anadzitama nazo mpaka nkhani inafika kwa mayi a makala, oyandikana naye nyumba, amene mwana wawo wotsiriza anapita kumzinda womwewo kukasaka maganyu. Madzulo oti mawa ndi ulendo, mayiwo anagogoda.

"Inu ndinu a ku positi, katundu sasowa m'manja mwanu," anatero akumupatsira thumba. "Muli juzi, ndaluka ndekha. Akuti kumeneko kukuzizira, ndipo pafoni ndimamumva akutsokomola. Ndamuuza dzulo, ataimba ku golosale kuja, kuti akakudikireni pasiteshoni. Ndati akayang'ane munthu wa tayi. Iye akavala shati ya mizere yobiriwira imene ndinamugulira, kuti musamuphonye."

Thumbalo linali saka lakale la makala. Analichapa, inde, koma makala samva sopo. Linali lomanga ndi nsanza, fungo lake la utsi. M'basi silinavute, poti linalowa kunsi pamodzi ndi katundu wa anthu onse, ndipo posintha Chitayi analibisa kuseri kwa sutikesi yake yatsopano. M'sitima analiponya pashelefu ya pamwamba namwino ali kokagula madzi. Koma sitima itayamba kugwedera, fumbi lakuda linayamba kuyoyokera pabulauzi yoyera ya mayi wina wa kumeneko. Mayiyo anakuwa m'chinenero chawo, anthu onse maso m'mwamba, ena akuseka, ena akugwira mphuno.

"Koma anthu enanso!" namwino ananong'ona. "Chithumba chimenechi n'chayani?"

"Kaya," anayankha Chitayi. "Ndachipeza pomwepo."

Mawu atatu okha amenewo. Atalikana thumba pamaso pa mtsikana, akanalinyamula bwanji potsika? Analisiya pashelefu. Ndipo pokwera masitepe a mlatho wa apansi wodutsa pamwamba pa njanji, anamuona. Mnyamata wamtali, woonda, m'shati ya mikono yaifupi ya mizere yobiriwira, m'chisanu choopsa chija, akuyang'ana pachifuwa pa mwamuna aliyense wodutsa. Chitayi anadziwa chimene ankafuna. Anawerama ngati akukonza sutikesi, anamasula tayi, naiika m'thumba la jekete. Anamudutsa pafupi kwambiri moti anamva chifuwa chake chikulira.

Atabwerera kwawo, mayi a makala anamuchingamira asanatsegule n'chitseko chomwe.

"Ndamupatsa, amayi. Ali bwino. Wanenepa, simungamuzindikire. Wathokoza kwambiri."

Mayiwo anavina pabwalo, Chitayi akuyang'ana pansi. Koma foni ku golosale sinalirenso. Mwezi, chaka, zaka. Mayi a makala anayamba kumunena mwana wawo kwa aliyense wobwera kudzagula. "Ananenepa, anaiwala make. Juzi anavala, kuthokoza anachita kutumiza. Ndinabala mwana wosayamika ine." Ndipo Chitayi akabwera ndi ndowa yake, ankamuwonjezera makala pamwamba, amvekere, "Inu nokha ndinu munthu." Makala amenewo ankamuwotcha asanawayatse. Ankadzitonthoza kuti anyamata akapita kunja amatero, amapeza mkazi n'kuiwala kwawo.

Chaka chino namwino, tsopano ali akazi ake, anati akufuna abwereze ulendo uja, basi yomweyo, sitima yomweyo, akakumbukire uchibwenzi. Chitayi anayesa kukana, koma analibe chifukwa choti n'kunena. Mayi a makala atamva anabweranso, maso atayamba kale kuchita khungu, napereka thumba kwa namwino, pamodzi ndi envulopu yakale yolembedwa adiresi ya mwanayo kumbuyo.

"Ndaluka yokulirapo, poti abambowa anati ananenepa. Mukamuuze kuti mkwiyo unatha. Sindikufuna kanthu kwa iye. Angoimba kamodzi, ndimve mawu ake ndisanafe."

Namwino analifukata thumbalo njira yonse, ndipo usiku m'basi analitsamira. Pachipata cha m'malire msilikali atalifunsa, anayankha mokweza, mopanda ndi kamanyazi komwe, kuti ndi juzi ya mwana wa aneba. M'sitima anaseka yekha. "Abambo, mukukumbuka chithumba chija chinadetsa bulauzi ya mayi uja? Kaya mwini wake anachipeza." Chitayi anayang'ana pawindo mpaka khosi linauma.

Tchuthicho ena akanati chinakoma. Anakwera chikepe mpaka pamwamba pa nyumba yaitali koposa, anthu pansi akuoneka ngati nyerere. Anazungulira nyumba yosungiramo zinthu zakale, anajambulitsa pakasupe wa pakati pa mzinda, namwino anagula nsapato zofiira zimene sadzavala n'komwe. Chitayi ankamwetulira pomwe pafunika kumwetulira. Koma mnyamata wamtali aliyense akatulukira pakona, mtima wake unkadumpha, ndipo chakudya chonse cha mumzindamo chinkangomveka utsi.

Tsopano nayu ali mumsewu yekha. Wolandira alendo pahotela anamujambulira njira papepala: tsikani mpaka kusiteshoni, wolokani mlatho wa apansi, tsatani mpanda wa manda, nyumba zili kuseri kwake. Mlatho womwe uja.

Poyamba misewu inali yowala, magalimoto, nyimbo, achinyamata akuseka pakhomo la malo odyera. Koma potsikira kusiteshoni magetsi anayamba kutalikirana. Masitolo anali otseka ndi zitseko zachitsulo. Nkhungu inali itatsika, ndipo kuzizira kwake kunkalowa m'jekete ngati mulibe. Sitima yomaliza inali itafika kale, anthu atabalalika. Wosesa mmodzi ankakoka ndowa yake chapatali, kenako nayenso analowa penapake.

Chitayi anakwera masitepe. Mlathowo unali wautali, wachitsulo, njanji zambirimbiri zili mbee pansi pake. Pakati panali benchi. Ndipo ali pamenepo, satana yemwe uja anamufikiranso. Akakagogoda, mnyamatayo adzafunsa za juzi yoyamba. Adzaimba kwawo. Mayi a makala adzamva, akazi ake adzamva, ku positi adzamva. Koma akalisiya pano? Wosowa pogona wina alitola, afunda, palibe chotayika. Abwerera kuhotela n'kukanena kuti wapereka. Bodza analidziwa kale njira yake.

Koma munthu iwe! Analiika thumba pabenchi. Anayang'ana uku ndi uku. Kunali zii. Anatembenuka nayamba kubwerera. Phazi loyamba, lachiwiri, lachitatu...

Kumbuyo kwake munthu anatsokomola.

Chinali chifuwa chouma, chochokera pansi penipeni. Chitayi anaima. Pamlathopo panalibe munthu, anali atayang'ana ndi maso ake. Masitepe achitsulo aja, ngakhale mphaka akwere, amalira.

"Achimwene... mwaiwala katundu."

M'chinenero cha kwawo! Masiku anayi osamva mawu otero kupatula kwa akazi ake. Anatembenuka pang'onopang'ono.

Pambali pa benchi panaima munthu wamtali, woonda, manja atapinda pachifuwa. Shati ya mikono yaifupi. Mizere yobiriwira.

Chimene chinamugwira Chitayi poyamba sanali mantha. Anali manyazi, manyazi otentha, ochokera kumapazi mpaka m'makutu. Anaganiza kuti mnyamatayo amagwira ganyu pasiteshoni, ndipo wamuona akutaya katundu wa make kachiwiri. Akanakonda mlatho ukanathyoka.

"Ine... ndimangopuma. Ndimabwera kwanu komweko."

"Sitima yachedwa, eti?"

"Ayi, tinafika Lolemba. Kungoti zochitika..."

"Yachedwa," anatero munthuyo, ngati sanamve. Maso ake sanali pankhope pa Chitayi. Anali pachifuwa. "Amayi anati ndiyang'ane tayi."

Chitayi anagwira tayi yake.

"Lero mwavala."

Ha! Ndiye kuti anamuona tsiku lija. Anaona zonse, kuwerama kuja, dzanja lolowa m'thumba la jekete. Chitayi anatsegula pakamwa kuti afotokoze za bulauzi yoyera, za anthu oseka, za mtsikana amene ankaopa kumutaya, koma zonsezo zinaoneka zazing'ono zedi pamaso pa mikono yowonda ija. Anangotola thumba napereka ndi manja awiri.

Munthuyo anamasula nsanza imodzi imodzi, mosafulumira, akuzisalaza n'kuziika pabenchi. Anatulutsa juzi yaikulu ya ulusi wofiirira. Anaiika kumphuno nthawi yaitali.

"Utsi wa kwathu," anatero.

Anaivala. Juziyo inangolendewera. Mapewa anagwera m'zigongono, mikono inameza zala, ndipo m'kati mwake mukanalowa anthu awiri ena. Anadziyang'ana.

"Yakula."

Kenako anakweza maso kwa Chitayi.

"Amayi sasokoneza muyeso. Munawauza chiyani?"

"Ndinati..." Chitayi anazolika. "Ndinati munanenepa."

Munthuyo anakweza dzanja, napinda mkono wa juzi, nayang'ana fupa la padzanja pake. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anangogwedeza mutu pang'ono, natsokomolanso.

Ndi pamene Chitayi anaona chinthu. Iye akapuma, m'kamwa mwake munkatuluka nthunzi yoyera, poti kunazizira. Mnzakeyo ankayankhula, ankatsokomola... koma pakamwa pake sipankatuluka kanthu.

"Tiyeni," anatero wamtaliyo. "Kunyumba kuli kalata."

Anatsogola. Chitayi sanafune kutsatira, koma miyendo inatsatira yokha. Anatsika masitepe a tsidya linalo. Nsapato za Chitayi zinkalira pachitsulo, go, go, go. Anamvetsera bwino. Go, go, go. Nsapato zake zokha.



Pansi panali msewu wopapatiza. Kumanja mpanda wa manda, wautali, wanjerwa zakuda, mitengo ikusuzumira pamwamba. Kumanzere zigologolo za magalimoto akale. Galu wina anatuluka kunsi kwa lole, anawayang'ana, analira kamodzi, nathawa mchira uli pakati pa miyendo. Sanathawe Chitayi.

Anafika pa getsi la mumsewu, lokhalo loyaka. Chitayi anati asayang'ane pansi. Anayang'ana. Chithunzithunzi chake chinali pomwepo, chachifupi, chonjenjemera.

Chimodzi.

Mayo! Anafuna kukuwa, mawu osatuluka. Anafuna kupemphera, pemphero lonse linathawa m'mutu. Juzi yofiirira inkangoyenda patsogolo pake, ikugwedezeka m'nkhungu. Mpanda sunkatha. Tayi inayamba kumukanyanga pakhosi.

Pakachipata kakang'ono ka m'mbali mwa mpandawo, wamtali uja anaima.

"Ine ndithera pano."

"Pa... pano?"

"Nyumba yachitatu mukakhota. Chitseko cha malata. Mukagogode kwambiri, adala aja samva bwino." Kenako, motsitsa mawu ngati mwana wopempha chinthu, anati, "Amayi amandinena, eti?"

Chitayi anagwira kumaso ndi manja onse awiri. Misozi inatuluka yotentha. "Pepani, achimwene. Pepani. Ndine ndinalakwa, ndine..."

Atachotsa manja, panalibe munthu.

Msewu mbuu. Kachipata kotseka. Tcheni chokulunga kawiri, loko wadzimbiri, udzu utamera m'munsi mwake. Kuseri kwa mpanda, chapatali ndithu, wina anatsokomola.

Chitayi anathamanga! Munthu wa zaka makumi asanu, amene sanathamangepo chichokere kusukulu, anathamanga tayi ikuuluka paphewa. Anagwa pakona, anadzuka, bondo likutuluka magazi. Nyumba yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Anamenya chitseko cha malata ndi zibakera zonse ziwiri mpaka agalu a mumsewu wonsewo anadzuka.

Munayaka nyali. Chitseko chinatseguka pang'ono, ndipo panasuzumira mdala wa imvi, atafunda bulangete, magalasi ali pamphuno. Anafunsa m'chinenero cha kumeneko. Chitayi anayankha m'chakwawo, akupuma ngati galu.

"Ndachokera kwathu... anandituma amayi ogulitsa makala... mwana wawo..."

Mdalayo anakweza nyali. Anayang'ana nkhope, kenako anatsitsa maso pachifuwa. Anakhala akuyang'ana tayi ija kwa kanthawi.

"A ku positi?" anafunsa m'chinenero chomwecho. "Mwafika?"

Anamulowetsa. Chinali chipinda chimodzi, makina osokera pakona, mabuluku a anthu atapachikidwa pachingwe, zidutswa za nsalu pansi ponse. Mdalayo anali telala, wa kwawo komweko, amene anabwera kumzindawu ali mnyamata n'kukalambira konkuno. Anamukhazika pampando, namupatsa madzi.

"Mwana wawo," anatero Chitayi. "Ndakumana naye pamlatho. Wandiperekeza mpaka pampanda. Juzi ndamupatsa, wavala."

Telala anakhala pansi pang'onopang'ono, pabedi.

"Bambo, Wamtali anamwalira. Kuno tinkangomutchula choncho. Chisanu chino chakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri."

Mdalayo analoza pakona.

"Ankagona apo, pomwe pali makinapo. Chifuwa anali nacho kale, koma ankayenda, ankagwira ntchito. Tsiku limene munayenera kufika anasamba m'mawa, anasita shati ija kawiri. Anabwerako pakati pa usiku, akuti mwina basi inachedwa pamalire. Mawa lake anapitanso. Ndinamuuza, tenga jekete langa, kunja kukugwa chisanu chopha mbalame. Anakana. Akuti amayi anawauza a ku positi kuti ndivala shati ya mizere, ndikaiphimba andiphonya. Ndinamukalipira, ndinamutchula chitsiru. Usiku wachitatu sanabwere. Osesa anamupeza m'mawa pabenchi ya pamlatho, ali khale, thupi likutentha ngati mbaula. Kuchipatala anatha masiku awiri."

Chitayi ankangoyang'ana zidutswa za nsalu pansi.

"Analibe mapepala, ndiye anamuika a boma, kuseri kwa mpandawo, kumzere wa anthu opanda maina. Ndinaperekeza ndine ndekha. Nambala ya ku golosale kumene ankaimba inali m'mutu mwake, anapita nayo. Kwawo ndinkangodziwa kuti kuli amayi ogulitsa makala. Nanga ogulitsa makala ndi angati padziko?" Telala anavula magalasi, nawapukuta ndi ngodya ya bulangete. "Anthu odutsa usiku amanena kuti nyengo yozizira pamlathopo pamatsokomola munthu. Ine sindidutsapo kukada."

Anavalanso magalasi, namuyang'ana mlendo wake mwachifundo.

"Inu chinakuchitikirani n'chiyani chaka chija? Ndinkati mwina munadwala panjira. Kapena anakubwezani pamalire?"

Khomo lothawira linali lotseguka. Mdalayo anachita kumutsegulira yekha. Kungoti eya, anandibweza, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo palibe wamoyo akanamutsutsa. Chitayi anamva bodza likukwera pakhosi, losalala, lokonzeka kale monga mwa masiku onse. Analimeza.

"Ndinafika, bambo. Ndinamuona. Thumba ndinalisiya m'sitima chifukwa linkandichititsa manyazi. Ndinavula tayi kuti asandizindikire, n'kumudutsa. Kwa amayi ake ndinakanena kuti ndamupatsa, ndipo wanenepa."

Chifundo chija chinachoka pankhope pa telala pang'onopang'ono, ndipo Chitayi anachiona chikuchoka. Mdalayo anadzuka, anatsegula kabati ya makina osokera, anasuntha mabatani ndi ulusi, natulutsa envulopu yachikasu ndi ukalamba. Sanamupatse m'manja. Anaiika pathebulo naikankha ndi chala chimodzi.

"Analemba usiku woti mawa mufika. Inali m'thumba la shati yake."

Inalibe sitampa. Inalibe adiresi. Kalata yotere ikanafika pakauntala pake, Chitayi akanaibweza osayang'ana mwini wake. Panali mawu ochepa okha, olembedwa ndi bolopeni mosamala: Kwa amayi. Akapereke a ku positi.

Kunja sanayerekeze kutulukanso. Anakhala pampando womwewo mpaka kunayera, telala atagona chopenya kukhoma. M'mawa mdalayo anavala jekete lake namuperekeza. Pakachipata kaja anaima naloza ndi chibwano. Kudzera m'mipata ya zitsulo munkaoneka mzere wa timitumbira tophwa, tili ndi tizikwangwani tachitsulo ta manambala. Pa kachisanu ndi chimodzi panali juzi yofiirira, itavekedwa bwinobwino, mikono ikukhudza pansi, yonyowa ndi mame.

Chitayi anawauza akazi ake m'sitima, mzinda ukutha pawindo. Anawauza zonse, kuyambira pa bulauzi yoyera. Namwino anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anadzuka nakakhala mpando wina. M'basi anagona chofulatira. Anadzayankhula atadutsa chipata chachiwiri cha m'malire.

"Ndiye mumaganiza kuti ine ndikanakukanani chifukwa cha saka la makala? Munandiona ngati munthu wotani?" Anapukuta m'maso ndi mpango. "Mukawauza nokha amayi aja. Ine ndikaima kumbuyo kwanu, koma pakamwa ndi panu."

Anafika masana. Sanalowe n'kunyumba komwe. Masutikesi anawasiya pakhonde, nadutsa pampata wa mpanda. Mayi a makala anali pamalo awo a masiku onse, pansi pa kadenga ka malata, akuthira makala m'timapepala, manja ali bii. Maso sankaona bwino, koma mapazi a Chitayi ankawadziwa. Anataya fosholo, nadzuka akupukuta manja pachitenje, nkhope yonse ikuseka.

"A ku positi! Mwabwera? Mwamuona? Nanga juzi, yamukwana?"

Chitayi anakweza dzanja kukhosi, poti tayi inkamuthina. Zala zinagwira mfundo, kenako anazichotsa. Anaisiya ili pomwepo. Anagwada pafumbi la makala ndi buluku lake loyera la patchuthi, natulutsa envulopu ija ndi manja awiri.

"Amayi, khalani pansi. Mwana wanu sanakuiwaleni. Kalata yanu iyi, yachedwa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo amene anaichedwetsa ndine."